Jombo zija zinatsekeredwa m'kati

Achimwene, musasiye jombo zanu kushopu yokonza jombo popanda risiti, ine zinandionekera ndi maso angawa. Ndinagwirapo ntchito yopolisha jombo pa kashopu kena ku South of Market, kufupi ndi Folsom Street ku San Francisco. Mukudziwa kale kuti derali ndi kwawo kwa mageyi ovala zachikopa, kuyambira m'ma 1960 pomwe anyamata a njinga zamoto anayamba kusonkhana m'mabala a kumeneko. Pofika 1984 Folsom Street Fair, chikondwerero cha mumsewu cha anthu ovala zachikopawa, inayamba, Edzi nayo ili pakati kupulula anthu. Mwamuna akamwalira, jombo zake zinkapatsidwa kwa mnzake kapena mnyamata amene ankamulera m'gululo. Zambiri zomwe ndinkapukuta zinali za anthu oti anapita kalekale.

Tinkagulitsa za Wesco zochokera ku Scappoose, Oregon, kampani ya mu 1918, ndi za Dehner za ku Omaha. Munthu ankakhala pampando, timuyeza phazi ndi katumba, adikire miyezi kuti zisokedwe.

Ndiye kunabwera mdala wina, tsitsi lonse mbuu, atanyamula Wesco za mwamuna wake amene anamwalira ndi Edzi. Ankangofuna soli yatsopano. Ndinazilandira ndi manja anga, ndinamuuza kuti abwere Lachisanu, osamulembera kanthu poti tinkadziwana. Lachitatu m'mawa ndikufika, ndapeza loko wina pachitseko, pepala lomata pagalasi. Nkhani ya lendi. Lachisanu mdala uja anabweradi. Anaika chipumi pagalasi, jombo zikuoneka pashelefu, chingwe chimodzi chikulendewera. Sanakalipe ayi. Anangoti chonde, mawu akunjenjemera, ine manja ali m'thumba, makiyi anga osagwiranso ntchito. Mpaka lero ndikamva fungo la polishi mtima umandiwawa.

Mwini nyumba ya shopuyo, munthu wouma mtima ngati mwala! Ndinamuimbira kangapo, akuti popanda pepala palibe chotuluka. Kwa iye zinali nsapato zakutha basi. Ankafuna lendi ya anthu a makampani a makompyuta, ife tinali chopinga. Abwana anganso ndimawadandaula, ankadziwa kuti zinthu zathina koma anangoti duu, n'kumalandirabe katundu wa anthu. Mzindawu unadzalengeza derali kukhala Leather and LGBTQ Cultural District, dera losunga chikhalidwe cha ovala zachikopa ndi mageyi, mu 2018, koma jombo za mdala uja sizinabwerere.

Ndiye tengani risiti, jambulani jombozo pafoni, ndipo ngati ndi za malemu, musazigoneke kumeneko ngakhale usiku umodzi. Komabe pitani kushopu yaing'onoyo, musagule pa intaneti. Kumeneko akakugwirani phazi, akakufunsani dzina, palibe wokuyang'anani ndi diso loipa ngati kwathu kuja. Akhulupirireni anthu amenewo. Mukapita, valani masokosi amene mudzavalire jombozo, apo ayi muyezo ulakwika.