Kodi rauta ya pakhomo iyenera kumazimitsidwa nthawi ndi nthawi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Amagulitsa zitenje ndi nsapato pa WhatsApp, ndipo pakhomo ali ndi rauta ija yolowetsa simu khadi. Mphwawo wawauza kuti aziizimitsa usiku uliwonse kuti ipume, pomwe mnzawo wa kutchalitchi akuti kuzimitsazimitsako n'kumene kumapha rauta. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Mayi, zikomo pondilembera. Rauta yabwinobwino sifunika kuizimitsa potsata kalendala. Muziizimitsa n'kuiyatsanso ikayamba kuvuta, basi. Koma mphwanuyo sanalakwitse kwenikweni, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Rauta ndi kakompyuta kakang'ono. Ili ndi memori yake komanso pulogalamu yoiyendetsa, yotchedwa firmware. Foni iliyonse ikalowa pa Wi-Fi, rauta imaipatsa adiresi, kenako imalemba zonse zimene foniyo yapempha ku intaneti kuti yankho likabwera lifike kwa mwini wake, lisasochere kwa wina. Memoriyo ndi yochepa. Ndiye pali mapulogalamu ena osalembedwa bwino amene amatenga malo m'memori osawabweza akamaliza ntchito. Pakapita masabata, zimakhala ngati golosale imene makatoni opanda kanthu aunjikana mpaka pakhomo, wogulitsa akusowa popondera. Apo m'pamene mumaona foni ikusonyeza kuti Wi-Fi ilipo koma uthenga osapita. Mukazimitsa, zonse zimene zinaunjikana m'memori zimafufutika, rauta n'kuyambanso ili yopepuka.

Zoti rauta imatopa, ayi. Inapangidwa kuti izigwira ntchito usana ndi usiku, ndipo magetsi amene imadya ndi ochepa, pafupifupi ngati babu limodzi la LED. Kuizimitsa usiku sikuiwononga, koma sikuitalikitsiranso moyo.

Komanso ife a mu Blantyre tili ndi nkhani yathu imene malangizo ambiri olembedwa kunja saiganizira. Magetsi kuno amazima. Akazima n'kubweranso, rauta yanu yazimitsidwa kale n'kuyatsidwanso, inu osaikhudza. Chimene ndimaopa ine ndi mmene magetsiwo amabwerera, chifukwa nthawi zina amafika ndi mphamvu yopyola muyezo n'kuwotcha adaputa. Choncho akazima, zulani pulagi pa soketi, mudzalowetsenso akabwera n'kukhazikika. Nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, chitani chimodzimodzi. Ngati m'thumba muli kangachepe, gulani kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, kapena ka UPS kakang'ono ka rauta, kachipangizo ka batire kamene kamapatsa rauta magetsi akazima. Kwa munthu amene malonda ake ali pa foni, ndalama imeneyo siipita pachabe.

Rauta ya simu khadi ngati yanuyo ili ndi chinanso. Imalumikizana ndi nsanja ya netiweki ngati foni, ndipo nthawi zina imakakamira nsanja yofooka pomwe ina yabwinopo ilipo. Mzinda wathu uno ndi wa mapiri, Michiru uko, Ndirande uko, Soche uko, moti nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kulandira netiweki mosiyana kwambiri. Mukaiyatsanso imafufuza mwatsopano, ndipo mwina n'kupeza pabwino. Marauta ambiri amasankhanso njira ya Wi-Fi pa nthawi yoyaka, ndiye ngati njira imene Wi-Fi yanu ikudutsamo yadzaza ndi ma Wi-Fi a oyandikana nawo nyumba, kuyatsanso kungaisamutsire pena pamene palibe kuthithikana.

Musanaimbe mlandu rauta, yang'anani kaye bandulo. Kenako zimitsani Wi-Fi pa foni, muyese deta ya kampani yomweyo. Ngati nayonso ikukwawa, makamaka madzulo pamene aliyense waweruka ndipo ali pa Facebook ndi TikTok, vuto lili ku nsanja. Ngakhale muzimitse kakhumi, palibe chisinthe.

Chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi. Ngati rauta ikufuna kuzimitsidwa tsiku lililonse kuti igwire ntchito, ikudwala, ndipo kuzimitsako kukungophimba matenda. Ine zinandichitikira mwezi wa Okutobala chaka china, kunja kukutentha ngati ng'anjo. Masana aliwonse intaneti inkaduka. Nditaigwira rauta ndinapeza ikuwotcha, pakuti inali pamwamba pa dikoda, itafunditsidwa kansalu koluka kuopa fumbi. Ndinachotsa kansaluko, n'kuiika pamalo okwera pafupi ndi zenera koma posafika dzuwa, ndipo vutolo linathera pomwepo. Timabowo tija ta pa rauta ndi totulukira kutentha, chonde musatitseke. Ngati si kutentha, ganizirani adaputa. Ikafooka, rauta imayaka koma imangodukaduka. Pogula ina, onetsetsani kuti manambala a mavoti ndi ofanana ndi amene alembedwa pansi pa rauta. Zambiri zimakhala za 12V, koma werengani yanuyo. Chachitatu ndi firmware yakale. Apa mphwanuyo angakuthandizeni kulowa m'tsamba la rauta n'kuona ngati pali yatsopano.

Mwina munamvaponso zoti kuzimitsa kumachotsa mavairasi. Nkhaniyi inamveka kwambiri mu Meyi 2018, pamene bungwe lofufuza milandu la FBI ku America linapempha anthu kuti azimitse ndi kuyatsanso marauta awo chifukwa cha pulogalamu yoipa yotchedwa VPNFilter. Akatswiri a kampani yopanga zipangizo za netiweki ya Cisco anati inalowa m'zipangizo zosachepera 500,000 m'mayiko 54. Kuzimitsa kunkachotsa mbali zina za pulogalamuyo, koma muzu wake unkatsala. Chitetezo chenicheni ndi firmware yatsopano ndi kusintha pasiwedi imene rauta inabwera nayo.

Pozimitsa, zulani pulagi, dikirani masekondi 30 kuti magetsi otsalira m'kati athe, lowetsaninso, ndipo muipatse mphindi ziwiri kapena zitatu kuti timagetsi take tikhazikike. Ngati ili ndi batire m'kati, gwiritsani ntchito batani lozimitsira, pakuti kuzula pulagi kokha sikuizimitsa. Mukafuna kumachita zimenezi kamodzi pamwezi kuti mtima ukhale m'malo, palibe cholakwika.

Koma kumbuyo kwake kuli kabowo kolembedwa Reset. Kameneko musakabaye ndi phini kapena chotokosera m'mano pongoyesa. Kamafufuta zonse: dzina la Wi-Fi, pasiwedi yanu, ndipo pa marauta ena ngakhale zimene kampani inaikamo kuti intaneti igwire. Ndaonapo anthu akukwera minibasi mpaka mu tawuni kukakonzetsa rauta imene inalibe vuto, chifukwa cha kabowo kameneko. Ngati zafika poti mukabaye, yambani mwawaimbira amene anakugulitsani rautayo, ndipo mulembe pa pepala zonse zili pa kachikwangwani ka pansi pake musanakhudze.