Kwa achemwali a ku Chibavi amene akuopa ndege

Achemwali, ndawerenga funso lanu, loti mu September mukupita kusukulu ku Scotland, simunakwerepo ndege, ndipo tulo sakubwera chifukwa mtima ukungoti nanga ikagwa. Inenso ulendo woyamba ndinapemphera kuchokera pa depoti ya Mzuzu mpaka pa Jenda. Koma kunena zoona, m'mwambamo simunandivute. Zondisautsa zonse zinachitikira pansi.

Musanyamuke ku Mzuzu tsiku la ndegelo. Mtunda ndi wopitirira makilomita 300, pa Chikangawa nkhungu mukuidziwa, ndipo basi ikaphulika tayala ndege siidikira munthu. Mukagone kwa achibale ku Lilongwe, mukafike pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kudakali maola 3.

Ndiye za manthazo. Ikamanyamuka imabangula, msana umakanikizika kumpando, kenako makutu amatseka ngati mmene amachitira mukamatsetsereka kupita ku Nkhata Bay. Mezani malovu, yasamulani kapena tafunani chingamu, amatseguka. Nthawi zina idzagwedezeka, tiyi n'kutayikira m'thireyi. Imeneyo ndi mphepo chabe, mabampu a m'mwamba, ndipo ndege anaipanga kuti izipirira zoposa pamenepo. Ine ndimayang'ana nkhope za atsikana operekera zakudya aja. Ngati akuseka n'kumafunsa kuti nkhuku kapena nsomba, ndiye ine ndidandaulirenji? Lamba yekha musamasule mukakhala pansi. Ndipo chimbudzi chake mukadina batani chimalira ngati chikufuna kukumezani, musakuwe, ndi mmene chimagwirira ntchito.

Pofunika maso ndi posinthira ndege. Ine ndinadzera ku Addis Ababa, ulendo wa maola pafupifupi 4 kuchokera ku Lilongwe. Nthawi ya ku Ethiopia ili patsogolo ndi ola limodzi, koma foni yanga inakakamira nthawi ya kwathu. Ndinakhala phee pabenchi, nsapato nditavula, ndikudya mtedza wanga, ndikuti nthawi ilipo yambiri. Mayi wina wa ku Zambia ndi amene anasuzumira tikiti yanga n'kunena kuti, "Anzanu akukwera kale!" Ndinathamanga zingwe za nsapato zili lendelende. Choncho mukangotsika, pezani kaye geti yanu pa zikwangwani zowala zija, konzani wotchi, zina pambuyo. Muziyang'ananso pafupipafupi poti geti amatha kusintha. Kufunsa sikulipiritsa, aliyense wovala yunifolomu mwonetseni tikiti.

Amasechanso kachiwiri. Zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zisapitirire 100 ml pa botolo. Sabola wanga wa kambuzi, amene mayi anandikonzera, anathera mu bini ndikuona, mpaka lero zimandiwawa. Zotere ikani m'chikwama chachikulu. Nyama ndi zamkaka zisiyeni, ku UK salola. Komanso katundu wa munthu wina, kaya ndi wa kutchalitchi kwanu, musanyamule musanamutsegule nokha. Pamenepa musachite manyazi.

M'chikwama cha m'manja mukhale pasipoti, kalata ya kusukulu, mankhwala anu, power bank (iyi saloleza m'chikwama chachikulu), zovala zosinthira kuopa kuti chachikulucho chingatsalire, ndi adiresi ya kumene mukafikire yolemba papepala, osati mu foni mokha. Juzi ndi chitenje zikhale pafupi. Tisamanamizane kuti ife a ku Mzuzu kuzizira tinakuzolowera, m'ndege usiku mumazizira mwamtundu wina.

Kuchokera ku Addis kukafika ku London ndi maola pafupifupi 8, ambiri ake usiku. Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti muzidzuka osadzutsa anthu. Imwani madzi kwambiri, muziyendako pang'ono, apo ayi mapazi amatupa nsapato n'kukana kulowa. Chakudya analipiriratu mu tikiti, idyani. Ine ndinakana choyamba poopa bilu!

Mukatera ku London mudzadutsa kaye kwa a za pasipoti musanakwere yopita ku Scotland. Akakufunsani chimene mwabwerera, yankhani mwachidule, dzina la sukulu ndi maphunziro anu, kalata ili m'manja. Mu September nthawi yawo imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya kuno, ndiye mukalumikiza intaneti ya pabwalopo tumizani uthenga msanga, kunyumba adzakhala atadzuka kale akuyang'ana foni.