Chopanda malire chingakwane bwanji mumtima waung'ono chonchi?

Kalata ya sabata ino ndaiwerenga kanayi. Nditaiwerenga kachitatu ndinaika foni pansi n'kukakhala pakhonde mpaka udzudzu utandithamangitsa. Yachokera kwa mayi wina wa ku Salima. Akuti akhala akupemphera zaka zambiri, kusala kudya amasala, kumapiri amapita, koma zimene anzawo amachitira umboni, zoti anamva Mulungu wopanda malire akuwakuta thupi lonse, iwo sanazimvepo n'kamodzi komwe. Ndiye akufunsa kuti: chinthu chopanda poyambira ndi pothera munthu angachimve bwanji? Kapena ine ndiye wouma mtima?

Achemwali, mtima wanu siwouma ayi. Funso lanulo linandisowetsapo tulo zaka zitatu zathunthu.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 26, nditangoyamba kumene uphunzitsi kuno ku Nkhotakota. Pamaliro sindinalire. Anthu ankati mwanayu ndi wolimba mtima, koma m'katimu munangouma gwa ngati dothi la mu Okutobala. Ndiye ndinayamba kusakasaka. Kulikonse kumene ndamva kuti kuli mapemphero a usiku wonse ndinkapitako, pena pa njinga, pena pa matola. Ndinkafuula mpaka mawu kusasa, m'mawa kulephera kuitana mayina m'kalasi. Anthu ankagwa uku ndi uku, ena akunjenjemera, ena akulira, ine chiimire ngati chitsa m'munda. Ndipo pali chinthu chimene sindinachiuzepo anthu ambiri: usiku wina ndinadzigwetsa dala. Dzanja litandikhudza pamphumi ndinangodzisiya, chifukwa ndinatopa nako kukhala ndekha woimirira. Ndili gone pafumbi paja ndinadziwa kuti ndanamiza anthu, ndadzinamiza ndekha, ndipo ndayesera kunamiza Iye amene ndinkamufunayo. Manyazi a usiku umenewo ndimawamvabe.

Amene anandithandiza sanali mlaliki. Anali malume anga, msodzi, Msilamu wa swala zisanu amene sankaphonya ngakhale atabwera kunyanja ali wefuwefu. Anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Mphwanga, waonda. Usiku uno tipitire limodzi." Unali mdima wa mwezi, nthawi yabwino ya usipa. Malumewo anali siginala, munthu amene amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali kukopa nsomba kuti alovi, asodzi okoka khoka, azizungulire ndi khoka lotchedwa chilimira. Masiku amenewo kunalibe mababu a batire tikuonawa, zinali nyali zopopa za parafini, zolira ngati njoka, zotentha kumaso. Ndinakhala kumbuyo kwawo miyendo ili m'madzi a m'bwato, ndikuona usipa ukusonkhana pansi pa kuwalako, waliwali, ngati wina wamwaza ndalama zasiliva.

Atakoka khoka kachiwiri alovi anasendera kutali, ndipo malume anazimitsa nyali kuti asunge mafuta. Achemwali, mdima wake sindinauonepo. Maso atazolowera ndinaona nyenyezi kumwamba, nyenyezi m'madzi, mlalang'amba utadutsa pakati ngati msewu wa fumbi, koma malo amene madzi athera ndi pamene thambo layambira osaoneka. Kumtunda kunalibe. Ndinagwira m'mphepete mwa bwato ndi manja awiri, mtima ukugunda kukhosi. Malume anali chete, chala chachikulu chikuyenda m'mfundo za zala zinazo, kuwerenga tasibihi yawo. Patapita nthawi anati, "Pansi pathu pano chingwe chako sichingafike. Koma taona, tikuyandama. Khala phee."

Ndinakhala phee. Moto sunatsike, mawu sindinamve. Ndinangoona kuchepa kwanga, kuchepa kwenikweni, ngati kanjere ka mpunga pa lichero. Ndipo pamodzi ndi kuchepako panabwera chinthu china chimene ndilibe nacho dzina labwino, kudziwa kuti ngakhale ndachepa chonchi sindinataike. Ndinalira maliro a bambo anga usiku umenewo, patatha zaka zitatu. Malume sanatembenuke n'komwe.

Tsono mvetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Nyanja ya Malawi ili ndi malire. M'litali ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo pamene yazama kwambiri, cha kumpoto, ndi mamita 700 kapena kupitirirapo pang'ono. Sitima ya Ilala yakhala ikuiyenda uku ndi uku kuyambira 1951. Kukayera bwino m'nyengo ya mvula mapiri a ku Mozambique amaoneka patsidya mwa chizimezime. Munthu woimirira pamchenga madzi amawaona mtunda wa makilomita asanu okha, kupitirira apo dziko lapindika. Choncho chimene chinatha usiku uja si nyanja. Anatha ndi maso anga, nzeru zanga, mphamvu zanga zofuulira. Chopanda malire sitichimva chonse ngati mmene timamvera kuzizira kwa madzi. Timangofika pamene ife tathera, n'kuzindikira kuti patsogolopo chilipobe.

Ana anga a sukulu amakonda kundifunsa kuti nambala yaikulu kuposa zonse ndi iti. Ndimawauza kuti alembe yaikulu imene angathe, adzaze bolodi lonse ndi ziro, kenako ndimati onjezera imodzi. Amaseka, koma pamakhala mwana mmodzi amene saseka, amangoti maso tong'o pabolodipo. Ameneyo ndiye wachiona. Katswiri wina wa masamu wa ku Germany, Georg Cantor, anaonetsa mu 1874 kuti ngakhale zinthu zosatha kuwerengeka sizifanana kukula, zina zimaposa zinzake. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kuchoka padzuwa kudzafika kuno kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo kuchoka pa nyenyezi imene tayandikana nayo kwambiri kumatenga zaka zinayi ndi miyezi. Zonsezi ndi zolengedwa chabe. Nanga wozilengayo? Solomo popereka kachisi uja anavomereza yekha kuti ngakhale kumwambamwamba sikungamukwane Mulungu, nanji nyumba yomangidwa ndi manja. Malume ankati mawu aja amamveka pamzikiti m'bandakucha amatanthauza kuti Mulungu ndi wamkulu koposa, ndipo ukafunsa kuti koposa chiyani, ankayankha kuti tchula chilichonse. Makolo athu nawo dzina limodzi silinawakwanire: Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi. Dzina lililonse linkagwira mbali imodzi, ina n'kutsala.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka, ndipo ndinene mosapsatira, ndikaona anthu akugulitsa zimenezi m'mabotolo. Madzi odalitsidwa mtengo wakutiwakuti, mafuta odzozera mtengo wakutiwakuti, ndipo ukapanda kugwa akuti uli ndi chiwanda kapena chikhulupiriro chako n'chochepa. Limenelo ndi bodza, ndipo ndi bodza lankhanza, chifukwa limagwera anthu ngati inu, anthu oona mtima amene akukana kunamizira. Amene angalonjeze kuti akubweretserani Wopanda malire Lachisanu nthawi ya 9 koloko usiku, ameneyo akukamba za kanthu kakang'ono komwe amatha kukalamula. Sindikunyoza kupemphera mokweza ayi. Ndaonapo anthu akuvina sikiri mpaka thukuta kamukamu, ndamvapo kwaya ya amayi ikuimba pamaliro tsitsi n'kundiimirira, ndipo ndikudziwa kuti ena amakumana ndi Mulungu m'menemo. Chimene ndikukana ndi kusandutsa kunjenjemera kukhala sikelo yoyezera mzimu wa munthu. Eliya paphiri la Horebu anaona mphepo yong'amba miyala, chivomezi ndi moto, koma amene ankamufunayo sanali m'zimenezo. Anabwera pambuyo pake, mwakachetechete.

Musaganizenso kuti ndikukutumani kunyanja kukaona zokongola. Nyanjayi siiseka ndi munthu. Mwera ukakunda mu Juni ndi Julayi timaika asodzi m'manda. Madzi omwewa ndi amene ngalawa za Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo ya kuno, zinkaolotsapo akapolo a paulendo wopita ku Kilwa, kugombe la Tanzania, ndipo mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana naye m'zaka za m'ma 1860 anthu amakauonabe pano. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, manda ake ali mutchalitchi cha All Saints kuno ku Nkhotakota. Ndikadutsa pamenepo ndimaganiza za anthu omangidwa m'khosi aja, kuti nawonso ankayang'ana madzi opanda tsidyawa, nawonso ankaitana winawake m'zilankhulo zawo. Pemphero langa likamaiwala anthu oterowo, n'kumangofuna kuti ine ndimve kukoma, ndiye kuti lasochera.

Nanga muchite chiyani?

Zochepa zedi. Sankhani nthawi imodzi ndi malo amodzi, kaya ndi pamchenga ku Senga Bay, kaya kuseri kwa khitchini ana asanadzuke. Mphindi khumi ndi zisanu zakwana. Tengani mawu amodzi afupiafupi a m'chipembedzo chanu, vesi, dzina la Mulungu, kapena mikanda ya korona ngati ndinu Mkatolika, muziwabwereza pang'onopang'ono motsatana ndi mpweya wanu. Maganizo akathawira ku ngongole ndi ndiwo zamadzulo, abwezeni osawakalipira. Pomaliza musadzifunse ngati mwamva kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati kuumako kwafika poti chakudya sichikulowa, tulo osabwera, zinthu zonse zasuluka kukoma, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mukaonane ndi achipatala, pakuti matenda a nkhawa aliko ndipo si uchimo.

Malume anatisiya zaka zingapo zapitazo. Zimene zinachitika m'bwato muja sizinabwererenso mwa mtundu umenewo, ngakhale kamodzi. Komabe m'bandakucha uliwonse ndimatsikira kugombe, kuitana kwa pamzikiti kukumveka kumbuyo kwanga, nyali za asodzi zikuzima imodziimodzi, amayi atakhala kale ndi mabeseni kudikira usipa. Masiku ambiri ndimangomva mphepo ndi fungo la nsomba. Mawa ndikakhala pamenepo, achemwali, ndikakutchulani. Mvula ikagwa mudzandilemberenso, ngakhale kudzakhale kungondiuza kuti kudakali zii.