Yankho kwa Abusa: kulankhula za minda ya anthu si kulowa chipani

Abusa, mwafunsa ngati kulankhula za minda ya anthu ndi kulowa chipani. Lankhulani ndithu pa nkhani ya minda imene akhristu anu akulandidwa ku Ulongwe, kuno ku Mozambique, koma mbendera ya chipani isafike pa guwa.

Mu mpingo wathu wa Baptist zimenezi si zachilendo. John Chilembwe atabwerako ku Lynchburg, Virginia, ku Amerika, mu 1900, anatsegula mishoni ku Mbombwe, ku Chiradzulu, namanga masukulu, nadzudzula thangata poyera. Ambiri mwa ozunzika m'maesitetimo anali Alomwe ochokera kuno ku Mozambique. Koma atanyamula zida mu Januwale 1915, anaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake chinagwetsedwa, nkhosa zinabalalika. Mbali imeneyo musaitsanzire.

Kwathu ndinaona mbusa atavala chipewa cha chipani pamaliro. Lamulungu lotsatira mabenchi akumbuyo anali opanda anthu, mpaka amayi a kwaya anagawikana. Zinandiwawa kwambiri.

Musanalembe kalata kapena kuitanitsa msonkhano, kambiranani ndi akulu ampingo, kenaka kaonaneni ndi loya. Ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa milandu, amathandiza osauka mwaulere. Lamulo la malo la 1997 limazindikira minda yamakolo ngakhale palibe pepala la DUAT (pepala la boma lotsimikiza ufulu wogwiritsa ntchito malo), koma kayendetsedwe ka mlandu wake akuuzeni ndi loyayo.