Ma mod a Euro Truck Simulator 2 akakana kutsika

Achimwene, zikomo pondilembera. Mwati pa Steam Workshop, pomwe anthu amatengapo ma mod (zowonjezera pa gemu) a gemu yoyendetsa mathiraki ya Euro Truck Simulator 2, mukadina Subscribe palibe chikuyenda, ndipo mapu owonjezera a ProMods omwe munadawuniloda polumikiza laputopu ku foni akukana kutseguka. Bandulo ya mwezi wathunthu yathera pomwepo. Zandikhudza, poti inenso ndinatayapo ndalama mwanjira yomweyi magetsi atazima fayilo ili theka. Chonde musayambirenso kudawuniloda zonse. Nthawi zambiri chowonongeka ndi kachidutswa kamodzi, ndipo kamapezeka osagula mayunitsi ena.

Tiyambe ndi Workshop. Imagwira pokhapokha gemu munaigula pa akaunti yanu ya Steam. Ngati ndi ija yochita kukopera pa fulashi ya mnzanu, palibe chingatsike. Ngati ndi yogula, tsegulani tsamba la Downloads m'munsi mwa Steam. Kawirikawiri mod imakhala ili pamzere, ikudikira gemu ina yaikulu imalize kaye. Imitsani zinazo. Zikakanikabe, pitani ku Settings, kenako Downloads, mudine Clear Download Cache. Steam itseka n'kukupemphani kulowanso, ndiye mawu achinsinsi akhale pafupi. Magemu anu safufutika ayi. Zomwe zatsika bwino mudzazipeza mu steamapps\workshop\content\227300, nambala imeneyi ndi ya gemu yathuyi. Onaninso ngati disiki yanu sinadzaze.

Tsopano ProMods, pomwe ndikukhulupirira kuti pagona nkhani. Mukatenga njira yaulere, mapuwa amabwera m'zidutswa zingapo za 7z, zothera ndi .001, .002 mpaka chomaliza. Tsegulani foda yomwe zili, muike View pa Details, muyang'ane kukula kwa chilichonse. Zonse ziyenera kufanana ndendende, kupatula chomalizacho chomwe chimakhala chaching'ono. Mukaona chapakati chaperewera, ndicho chinaduka pomwe netiweki inagwa. Bulawuza ina imachisiya chikuoneka ngati chathunthu, dzina lake bwinobwino, koma m'kati muli theka. Dawunilodani chokhacho, makamaka usiku netiweki ikapepuka, foni ili pa chaja komanso laputopu mutailetsa kugona yokha. Onetsetsani kuti dzina lake silinawonjezere kanambala kumapeto, apo ayi 7-Zip, pulogalamu yomasulira mafayilowa, sichizindikira. Zidutswa zonse zikhale m'foda imodzi, ndipo mutsegule cha .001 chokha. Zinazo zimatsatira zokha.

Kanthu kena komwe ambiri sakuganizira: ngati mukusungira pa fulashi ya FAT32, fayilo imodzi singapose 4 GB. Fulashiyo ikhale ya exFAT kapena NTFS.

Mafayilo a .scs akatuluka musawamasulenso. Apite momwe alilimo ku Documents\Euro Truck Simulator 2\mod, pamodzi ndi fayilo ya def ya ProMods, yomwe imasunga makonzedwe a mapuwo. Samalani apa, chifukwa pa makompyuta ena OneDrive, pulogalamu yosungira mafayilo pa intaneti, imasamutsa foda ya Documents, munthu n'kumaika ma mod kwina gemu ikuyang'ana kwina. Foda yoyenera ndi yomwe muli fayilo yotchedwa game.log.txt. Mukatero yatsani ma mod mu Mod Manager ya m'gemumo, motsatira ndondomeko yomwe eni ake analemba.

Ndikuchenjezeni chimodzi musanagule bandulo ina. SCS Software, kampani ya ku Prague yomwe inatulutsa gemuyi mu 2012, imaikonzabe pafupipafupi, ndipo ProMods iliyonse imayendera veshoni yakeyake ya gemu komanso imafuna kuti mukhale ndi ma DLC a mapu (zigawo zowonjezera zogula padera) omwe alembedwa patsamba lawo. Werengani mndandandawo kaye. Ngati ena mulibe, ngakhale zidutswa zitatsika zonse mapuwo sadzayenda.

Mukayesa izi gemu n'kumatsekabe yokha, tsegulani game.log.txt ija, mukopere mizere yomaliza yomwe ili ndi mawu oti ERROR, munditumizire pamodzi ndi nambala ya veshoni ya gemu yanu. Tionera limodzi.