Nthano yanga yaima pa mutu 9, ndiimalize bwanji ndipo ndipite nayo kuti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena ophunzitsa pa sekondale ina ku Ntcheu. Akuti anayamba kulemba nthano yaitali m'Chichewa mu hadikava, yafika mutu 9 n'kuima, chaka chachiwiri chino osaonjezera kanthu. Akufunsa kuti amalize bwanji, akamaliza apite kwa ndani, komanso ali ndi mantha kuti wina awabera nkhaniyo.

Amayi, zikomo kwambiri polemba. Zakubazo zisakusowetseni tulo, lamulo la Copyright la 2016 limateteza zomwe mwalemba, ndipo bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso la COSOMA ku Lilongwe lilipo chifukwa cha zomwezo. Hadikavayo sungani bwino, muzilembamo madeti, basi.

Nkhani yaikulu ndi mutu 9 uja. Anthu ambiri amene ndawaona ataima pakati vuto lawo si ulesi ayi, amakhala kuti sakudziwa kothera nkhaniyo, ndiye m'malo mopita chitsogolo amabwerera ku mutu 1 kukasintha dzina la mtsikana, kufufuta ndime, kulembanso, mpaka mutu 1 kumachita kunyezimira pomwe buku palibe. Zili ngati kupalira mzere umodzimodzi munda wonse uli thengo. Ndiye chitani izi: tengani pepala limodzi mulembe mmene nkhaniyo ithere, ndani wamwalira, ndani wabwerera kumudzi, chinsinsi chija waulula ndani. Kaya zituluke zoipa, lembani. Mukadziwa komwe mukupita mitu yapakatiyo imayamba kubwera yokha. Kenako tsamba limodzi patsiku, m'mamawa musanapite kusukulu, osawerenga zam'mbuyo. Pa miyezi isanu ndi masamba pafupifupi 150 amenewo. Nthawi yochonga mayeso mukhoza kupuma, palibe mlandu, bola mubwerere.

Ubwino wa hadikava magetsi akathima ntchito siima, koma mukayamba kutayipa muzidzitumizira pa imelo mutu uliwonse, fulashi yokha musaidalire, imodzi kulowa pa kompyuta ya mavairasi zonse zapita.

Mukamaliza musathamangire kwa osindikiza. Apatseni kaye anthu awiri oti sakuopani, osati achemwali anu oti angonena kuti zili bho. Mphunzitsi mnzanu wa Chichewa angakuthandizeni pa kalembedwe motsata malamulo omwe amayang'anira a Centre for Language Studies ku Zomba. Ndipo pomwe anthu akuyankhulana muziwerenga mokweza, mudzamva nokha pomwe agogo a m'nkhani mwanu akuyankhula ngati woulutsa nkhani pa wailesi.

Za osindikiza ndikuuzeni zoona, chifukwa zimandipweteka ndikaona olemba akugwa ulesi posadziwa izi. Makampani alipo, a Dzuka ndi CLAIM ku Blantyre, Montfort Media ku Balaka ndi ena, koma ndalama za mabuku kuno kwathu zili m'mabuku a sukulu, ndiye nthano yoti siili pa silabasi amaiganizira kawiri ngakhale ikhale yokoma bwanji. Akachedwa kuyankha kapena akakana sizitanthauza kuti simudziwa kulemba. Inu mukudziwa kale kuti mabuku a Chichewa a MSCE sasinthidwa chaka ndi chaka, choncho musalembe modikira mwayi umenewo. Afunseni kaye ngati akulandira nthano komanso amafuna muitumize motani, ndipo akavomera muwerenge mgwirizano wonse musanasaine, makamaka gawo lanu pa buku lililonse logulitsidwa ndi zaka zomwe bukulo likhale m'manja mwawo.

Musasokonezenso wosindikiza ndi wopulinta. Wopulinta mumamulipira ndinu, amakupatsani makatoni, kugulitsa n'kwanu. Njira imeneyi si yoipa, olemba ambiri akuyenda momwemo, kungoti mulipire mkonzi wabwino, mukatenge nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN ku National Archives ku Zomba komwenso lamulo limafuna mukasiyeko kope, ndipo muyambe ndi mabuku ochepa oti mutha kugulitsa kusukulu, kutchalitchi ndi pa WhatsApp osalowa m'ngongole.

Panopa lowani bungwe la olemba la Malawi Writers Union kuti muzimva za mipikisano, muzitumizakonso nthano zifupizifupi ku nyuzipepala za kumathero a sabata, akonzi ayambe kulizolowera dzina lanu. Pepala la mathero lija mukalemba munditumizire pa imelo yomweyi, ndiliwerenga ndithu ndipo ndikuyankhani.