Benzi ya malemu inamira ndi Freddy: muyambire pa penti kapena pa injini?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Bangula, ndipo funso lawo ndaona kuti ndiliyankhe poyera. Akuti malemu bambo awo anasiya Mercedes-Benz 280E ya 1981, yomwe inaima m'shedi kuyambira pomwe mdalayo anayamba kudwala. Mu Marichi 2023 madzi a namondwe Freddy analowa m'shedimo mpaka kufika pamipando, ndipo chiphwereni madziwo palibe anaigwira. Tsopano wopopera penti wina ku Nchalo walonjeza kuti pa masabata atatu aiwalitsa, pomwe makaniko wina akuti achotsemo injini aikemo ya Toyota. Ndalama zilipo za ntchito imodzi yokha. Ayambire pati?

Achimwene, musayambe ndi iliyonse mwa ziwirizi. Ntchito yoyamba ndi yaulere: kwezani galimotoyo, muikhazike pa zitsa zolimba, osati pa jeke yokha, mugone kunsi kwake ndi tochi ndi sikuludiraiva. Zimene mupeze kumeneko ndiye zinene ngati Benziyi ndi yoyenera kuitayira ndalama.

Galimoto yanuyo ndi ya mtundu wa W123. Saluni zake zinapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1985, ndipo mtundu wonsewo unatuluka magalimoto pafupifupi 2.7 miliyoni. Ena ankawalumikiza ku East London, ku South Africa, chiwongolero chili kumanja ngati athu, n'chifukwa chake zipangizo zake sizinasowe kumwera kuno. Onani nambala ya chasisi: ngati ili ndi 123.033, ndi 280E yeniyeni. Muonenso ngati nambalayo ndi ya injini zikugwirizana ndi za mu blue book, ndipo nkhani ya umwini muithetse ndi abale anu komanso a Road Traffic musanagule ngakhale bawuti imodzi. Galimoto ya malemu ikakhala pa zitsa imakhala yopanda mwini, koma ikawala eni ake amachuluka.

Tibwerere kunsi kuja. W123 ilibe chasisi chapadera monga Land Cruiser kapena lole. Bodi lenilenilo ndiye limanyamula injini, masipuling'i ndi anthu, kotero pansi pakadyeka ndi dzimbiri, galimoto yonse yafooka. A Mercedes ankamata kunsiko ndi phula lochindikala, ndipo phulalo limanamiza: kunja limaoneka labwinobwino pomwe madzi analowa pakamng'alu n'kumadya chitsulo mkati. Choncho musadalire maso. Bayani ndi sikuludiraiva mwamphamvu ndithu. Yambani ndi mabowo anayi olowetsamo jeke ndi mitanda ya m'mbali kunsi kwa zitseko. Kenako pansi poponda dalaivala ndi wokwera kutsogolo, kunsi kwa batire, m'mphepete mwa magudumu a kumbuyo, ndi m'maenje awiri a m'buti kuseri kwa magudumuwo. Tsegulani boneti muone m'makona momwe muli mahinji: muli timabowo totulutsa madzi a mvula tomwe timatsekeka ndi masamba, ndipo tikatsekeka madzi amatsikira kumapazi a dalaivala. Malo ofunika koposa ndi pamene pamamangidwa miyendo ya kumbuyo ndi bokosi la chiwongolero. Ngati sikuludiraiva yalowa pamenepo, ine ndinganene kuti funani bodi lina, galimoto ya bambowo ikhale yopereka zipangizo. Ngati zabooka ndi pansi poponda, zitseko ndi buti zokha, imeneyo ndi ntchito yotheka.

Madzi a Freddy sanali madzi okha, anali matope. Madzi amaphwa koma matope amatsalira m'mitanda, m'zitseko ndi pansi pa kapeti, ndipo nyengo iliyonse ya mvula amayamwanso chinyontho. Chotsani mipando, makapeti ndi zofunda za zitseko. Zoletsa phokoso zomatidwa pansi zija muzipale zonse, chifukwa zimasunga madzi. Tsegulani timabowo ta kunsi kwa zitseko ndi mitanda, mutsuke ndi madzi amphamvu mpaka atuluke oyera, kenako dzuwa la kwanuko lichite ntchito yake.

Powotcherera ndi pomwe magalimoto ambiri otere amaonongekera. Owotcherera athu ambiri ndi akatswiri pa mafelemu a mawindo, mageti ndi ngolo, koma makina awo a ndodo aja ndi a zitsulo zochindikala. Bodi la galimoto ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo ndodo imangoliboola. Funani wokhala ndi makina owotcherera ndi waya wopyapyala otchedwa MIG, ngakhale zitanthauze kuikweza pa lole kupita nayo ku Blantyre. Wa gasi waluso akhozanso, koma moto wake umapinda chitsulo pamalo otambalala ngati chitseko. Lamulo n'lakuti chodyekacho chidulidwe mpaka pofika chitsulo choyera, chigamba chidulidwe mofanana ndi bowolo, chiwotchereredwe mozungulira monse pang'onopang'ono. Kusanjika chigamba pamwamba pa dzimbiri n'kumata fila kuli ngati kukulunga chilonda chosatsuka: chimanyekera mkati. Fila ndi wosalazira, asapitirire mamilimita awiri kapena atatu. Mukapita kukaona ntchito zakale za wa penti wa ku Nchaloyo, tengani kamaginito kofooka, mukayendetse pa zitseko ndi m'mphepete mwa magudumu. Pomwe sikakugwira, pamenepo pali fila wambiri. Ndipo musanayatse moto uliwonse kumbuyo, thanki ya petulo ikhale itachotsedwa. Pa W123 ili kuseri kwa mpando wa kumbuyo.

Tsopano injini. Chonde musaike batire n'kuyesa kuiliza "kuti tingomva". Madzi sapanikizika, ndiye ngati ena anatsalira pamwamba pa pisitoni, sitata idzapinda ndodo ya pisitoniyo nthawi yomweyo. Yanuyo ndi M110: masilinda asanu ndi imodzi, 2,746 cc, makamushafuti awiri pamwamba oyendetsedwa ndi tcheni, buloko yachitsulo, mutu wa aluminiyamu. Ndi injini yolimba, ndipo ngati madzi anathera pamipando, mwina sanafike polowera mpweya. Khetsani oyilo muone: madzi amayamba kutuluka okha, kapena oyiloyo amaoneka ngati tiyi wamkaka. Tsitsani sampu muchotse matope. Chotsani mapulagi onse, muthire oyilo wopepuka pang'ono m'silinda iliyonse, mudikire masiku angapo. Kenako zungulizani ndi dzanja pa bawuti ya kutsogolo kwa kirankishafuti, ndi soketi ya 27, kulowera komwe injini imazungulira. Osabwezera m'mbuyo, tcheni simafuna zimenezo. Ikakana, musaikakamize ndi chipaipi chachitali. Mutu uchotsedwe muone masilinda.

Ikazungulira, tcherani mavavu, chifukwa a M110 amatcheredwa ndi dzanja, kenako yezani kompulesheni, kutanthauza mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Injini yabwino imaonetsa pakati pa 10 ndi 12 bar (muyeso wa mphamvu yopanikizayo), ndipo masilinda asasiyane kupitirira 1.5. Ikadzalira n'kutentha, yang'anani geji ya oyilo: mukaponda pang'ono singano ikwere mpaka pa 3. Mayeso awiriwa ndiye akuuzeni ngati injini ikufunika kuphwasulidwa. Nthawi zambiri si yofunika kutero.

Chimene chidzakuvutitseni ndi mafuta. Chilembo E chija chikutanthauza kuti ilibe kabyuleta, ili ndi Bosch K-Jetronic. Mpweya ukamalowa umakankha kambale, kambaleko kamasuntha kapisitoni kakang'ono mkati mwa chogawa mafuta, ndipo petulo amapita ku mainjekita asanu ndi imodzi pa mphamvu ya 5 bar ndi kupitirirako pang'ono. Mulibe kompyuta, koma timipata ta mkatimo ndi tating'ono zedi, ndipo petulo wogonera zaka amasanduka ulimbo. Onjezani izi: petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina mwa iye wochokera kwanu konko ku PressCane ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyontho ndipo amaumitsa mphira wakale. Ndiye thanki itsukidwe, kasefa ka kunsi kwake, fyuluta, ndi mapaipi onse a mphira zisinthidwe, pampu iyesedwe, ndipo zonsezi zichitike petulo watsopano asanafike pa chogawa mafuta chija. Chogawacho asachitsegule munthu amene alibe geji yoyezera mphamvu ya mafuta. Ambiri amene amati K-Jetronic ndi yovuta anangopotokola kasikuluwu kotcherera mafuta mwachimbulimbuli mpaka galimoto inayamba kufuka utsi wakuda.

Za injini ya Toyota, ndikumvetsa chimene makanikoyo akuganiza. Zipangizo zake zili paliponse ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo 280E imamwa: makilomita 7 kapena 8 pa lita ndi zachizolowezi. Koma kusintha injini si kutsitsa ina n'kukweza ina. Pafunika kupanga zokhazikira zatsopano, kugwirizanitsa giyabokosi ndi shafuti, kusuntha sampu kuti isagunde zitsulo za chiwongolero, kulumikiza mawaya, ndi kukasintha nambala ya injini ku Road Traffic. Pomaliza mudzakhala ndi galimoto yomwe wokonda Benzi sangaigule pa mtengo wabwino. Ngati mukufuna yoyendera tsiku ndi tsiku pakati pa Bangula ndi Nsanje, gulani Toyota yathunthu. Iyi ikonzedwe monga inalili, pokhapokha buloko itapezeka yong'ambika.

Madzi analowanso kwina. Oyilo wa giyabokosi ndi wa difu akhetsedwe. Ngati ndi otomatiki ndipo oyilo wake waoneka wotuwa, yembekezerani kuitsegula, chifukwa madzi amamatula zomatira za makilatchi a mkati. Mabuleki onse anayi ndi a madisiki, ndipo mapisitoni ake adzakhala atagwira. Mapaipi a mphira a mabuleki ndi matayala n'zosintha popanda kukambirana.

Kuziziritsa injini musakutenge mopepuka. Ku chigwa cha Shire kwanuko Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ulendo uliwonse wa ku Blantyre uli ndi chitunda cha Thabwa mukangowoloka Kamuzu Bridge. Mutu wa aluminiyamu ukatenthedwa kamodzi umapindika. Rediyeta itsegulidwe itsukidwe, themositati ikhale yatsopano (osati kuichotsa, monga amachitira ena), ndipo fani iyesedwe ngati ikugwira injini ikatentha. Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere. Amenewo asalowe mu rediyeta. Thirani kulanti wosakaniza ndi madzi oyera othira mu batire (osati asidi) kapena a mvula osefedwa, theka ndi theka.

Penti ndi yomalizira, galimoto itayenda kale miyezi ingapo, chifukwa pokonza injini ndi zitseko masipana amakanda. Pakadali pano paliponse powotcherera papakidwe epoxy primer, yomwe simalowa madzi ngati pulaima wamba wotuwa uja, ndipo m'mitanda mupoperemo phula loteteza ku dzimbiri. Nambala ya mtundu wa penti ili pa kachitsulo kokhomedwa kutsogolo, pafupi ndi rediyeta. Popopera sankhani Juni kapena Julayi m'mawa, m'nyumba yotsekeka, pansi mutathira madzi kuti fumbi ligone. M'chilimwe thina amauma penti isanakhazikike, ndipo imatuluka yokhakhala. Magalasi a kutsogolo ndi kumbuyo achotsedwe, mphira wake ugulidwe watsopano, chifukwa wakale ndi umene umalowetsa madzi.

Ndalama muli nazozo zigaweni chonchi: gawo lalikulu kwa wowotcherera, lotsatira ku mabuleki, thanki ndi rediyeta. Wa penti muuzeni adikire chaka chamawa. Mukagona kunsi kuja, jambulani mabowo anayi a jeke ndi pomangira miyendo ya kumbuyo munditumizire, tione ngati lole ya ku Blantyre ikufunika.